KAJAMBULIDWE KA MAKOMBOLA USIKU M'MAPAKI A ZISANGALALO

Ambiri a ife timawadziwa makombola chifukwa cha usiku wolowera chaka chatsopano, pamene anyamata amawaphulitsa m'makwalala, agalu nathawira kunsi kwa nkhokwe. Koma kumaiko ena kuli malo otchedwa mapaki a zisangalalo, kumene makombola amaulutsidwa mwadongosolo, motsatana ndi nyimbo, anthu zikwizikwi akupenya. Paki ya Disneyland ya ku Anaheim, m'dera la California ku Amereka, inatsegulidwa pa 17 July 1955, ndipo patangopita zaka zochepa eni ake anayamba kuulutsa makombola kuti alendo asamafulumire kubwerera kwao dzuwa likalowa. Inzake ya Magic Kingdom, kufupi ndi Orlando ku Florida, inatsegulidwa pa 1 October 1971. Kumeneko makombola amaphulika pamwamba pa nyumba yonga ya mfumu yotchedwa Cinderella Castle, ndipo chionetsero cha Happily Ever After chimene chinayamba mu 2017 chinakonzedwa kuti chizitenga mphindi 18.

Mphindi 18 sizichedwa kutha. Munthu wayenda ulendo wautali, walipira ndalama zambiri pachipata, ndipo mwina sadzapondanso kumeneko moyo wake wonse. Pofika kwao akuti aonetse abale zimene anaona, apeza zithunzi zakuda bii zokhala ndi timadontho, kapena mizere yokhotakhota ngati nyongolotsi. Kawirikawiri amati kamera yake njachabe. Ife tikuti chimene chinasowa ndi kuzindikira mmene kamera imaonera moto usiku.

Tikumbukire masewera aja a ana pamoto madzulo. Mwana akatenga chikuni nachizunguza mumdima, timaona mkombero wofiira, chonsecho moto uli pansonga pokha. Khombola nalonso likaphulika limamwaza tizidutswa toyaka, ndipo duwa lokongola lija ndi njira imene kachidutswa kalikonse kayendamo. Kamera ili ndi kachitseko kamene masana kamatseguka ndi kutsekeka msanga koposa kuphethira kwa diso. Pa liwiro lotere imangogwira timadontho. Kuti duwa lonse lioneke, kachitseko kayenera kukhala kotsegula masekondi 2 mpaka 4, kuti motowo ulembe wokha njira yake. Makamera ambiri ali ndi chilembo B pamalo posankhira nthawi. Mukasankha chimenecho, kachitseko kamakhala kotsegula malinga chala chanu chikudinabe.

Tsono apa mpamene pagona vuto. Palibe munthu, ngakhale wa manja olimba chotani, angagwire kamera masekondi 4 osaigwedeza. Kupuma kokha kumakwanira kupotoza mizere yonse. Nchifukwa chake ojambula amanyamula choimikira cha miyendo itatu, chimene chimakhazika kamera monga mafuwa akhazikira mphika. Kudina batani nakonso kumagwedeza, choncho nkwabwino kukhala ndi kachingwe kodinira muli potero, kapena kuuza kamera kuti idikire masekondi 2 isanajambule. Fufuzanitu malamulo a paki musananyamuke, pakuti mapaki ena amakaniza zoimikira zikuluzikulu, ndipo mapaki a Disney analetsa ndodo zodzijambulira zija mu 2015. Mukapanda choimikira, khoma lalifupi kapena chivundikiro cha bini ya zinyalala zimathandiza, mutayalapo juzi yopinda.

Wina angaganize kuti popeza kuli mdima, ayenera kutsegula kamera yonse kuti kuwala kulowe kochuluka. Iyayi. Thambo ndi lakuda, koma motowo ngowala kwambiri. Diso la kamera lili ndi kabowo kamene kamakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso, ndipo nambala ikamakula kabowoko kamachepa. Yambani ndi f/11. Mizere ikatuluka yoyera mbee yopanda mtundu, pitani pa f/16. Ikatuluka yofooka, bwererani pa f/8. Nambala ya ISO, imene m'masiku a filimu tinkaitcha ASA, ikhale 100 kapena 200.

Mitundu ija njoyenera kuisamala, pakuti siibwera mwangozi. Opanga makombola amasakaniza mankhwala a zitsulo zosiyanasiyana: strontium amapereka kufiira, barium kubiriwira, sodium chikasu, ndipo mkuwa umapereka buluu. Buluu ndiye wovuta kupanga, chifukwa mankhwala a mkuwa amaonongeka moto ukatentha mopitirira. Sawala mofanana ndi anzake, ndipo amamira msanga pachithunzi mukalola kuti makombola oyera alowe naye limodzi.

Mumdima kamera imavutika kupeza payokha chinthu choti ilunjikepo. Galasi limangopita kutsogolo ndi kubwerera, khombola nkuzima lisanapeze kanthu. Kusanade, kapena magetsi a nyumba ija akali oyaka, lunjikitsani galasi pa nsonga yake kufikira ioneke bwino, kenaka zimitsani batani lodzilunjikira lokha, ndipo musakhudzenso. Fulashi nayo izimitsidwe. Kuwala kwake kumafika mamita ochepa okha, ndiye chimene mudzajambula ndi nkhongo za anthu oima patsogolo panu, pamodzi ndi kuwakwiyitsa.

Nanga batani tidine liti? Osati pomva kuphulika. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo, monga tidziwira ndi mphezi ndi bingu. Ku Magic Kingdom makombola akuluakulu saponyedwa kuchokera panyumba ija, koma kumalo ena kuseri kwake, kutali ndithu ndi anthu. Pamene khutu likumva, duwa limakhala litayamba kale kufota. Penyetsetsani kamzere kofooka ka khombola pamene likukwera, dinani pomwepo, ndi kusiya tizidutswa tikayamba kugwa. Ojambula akale anali ndi nzeru ina imene ikugwirabe ntchito: ankasiya kachitseko kotsegula pa B, naphimba galasi ndi katoni yakuda, namaichotsa pokhapokha khombola labwino likaphulika. Potero maduwa atatu kapena anayi amakumana pachithunzi chimodzi. Katoniyo isagunde galasi.

M'paki muli chovuta china chimene kubwalo wamba kulibe. Nyumba ija imawalitsidwa ndi magetsi, ndipo m'zionetsero zatsopano amaionetserapo zithunzi zoyenda ngati za kanema. Mukatsegula kachitseko masekondi 8, makombola adzakongola koma nyumbayo idzasanduka chibuma choyera. Apa wojambula ayenera kusankha. Ife timakonda masekondi 2 kapena 3, kuti nyumba ndi moto zonse zisungike, chifukwa chithunzi cha makombola okha pathambo lakuda sichinena kumene munali. Chikanatha kujambulidwa paliponse. Nsonga ya nyumba, mtengo, dziwe lonyezimira, ngakhale mitu ya khamu yooneka ngati mithunzi, ndizo zimachipatsa kwao.

Malo oimapo asankhidwe ola lathunthu chionetsero chisanayambe. Musayandikire kwambiri, pakuti nyumbayo idzakutsekerani makombola ophulika kumbuyo kwake. Onaninso kumene mphepo ikulowera, muime poti ikukuombani kumsana, kuti utsi uzithawira kutali. Pewani kuima kumbuyo kwa bambo amene ali ndi mwana wamng'ono: nyimbo ikangoyamba mwanayo akwera paphewa, ndipo palibe angawadzudzule. Nanu makolo, ngati muli ndi khanda, kumbukirani kuti phokosolo ndi lalikulu. Litchinjirizeni makutu, ndipo wina aliyang'anire pamene mnzake ali pa kamera.

Achinyamata ambiri adzati tilibe kamera, tili ndi foni yokha. Malangizo ndi omwewa. Tsamiritsani foni pa chinthu cholimba, zimitsani fulashi, dinani chala pagalasi kufikira ikhazikike pa nyumba ija, ndipo muchepetseko kuwala. Musakokere chithunzi pafupi ndi zala, chifukwa m'mafoni ambiri kutero kumangochiononga.

Pomaliza penipeni pa chionetsero, makombola amaponyedwa ambirimbiri nthawi imodzi, khamu likufuula, ndipo aliyense amakweza kamera yake. Komatu pamenepo thambo limakhala litadzala utsi, ndi kuwala kumachuluka kotero kuti masekondi 4 amangotulutsa chiyereyere. Zithunzi zabwino zimapezeka m'mphindi zoyambirira, mpweya ukali woyera. Wofuna kujambula mathero achepetse nthawi kufika pa sekondi imodzi, kabowo kali pa f/16.

Zonsezi siziphunzirika pakati pa khamu mumdima, ndipo sizilira ulendo wa ku Florida kuti muziyese. Madzulo ena khazikani kamera patebulo pabwalo, muisiye yotsegula masekondi 4, ndipo mng'ono wanu aime mamita 10 kutali akuzunguza tochi. Sinthani kabowo katatu, muyerekeze zithunzizo. Mubwereze mpaka zala zizolowere kupeza mabatani onse popanda kuwayang'ana.