Kujambula Nyumba ndi Bolopeni: Njira Yosungunula Inki

Mau Oyamba

Wophunzira uphunzitsi akatumizidwa kusukulu kukayesa ntchito, kaŵirikaŵiri amapeza kuti kulibe utoto, kulibe mabulashi, ndipo mapepala ojambulapo ndi oŵerengeka. Ena akaona zotere amasandutsa nthaŵi ya Zaluso kukhala yosesa pabwalo kapena yobwereza masamu. Kutero ndi kumana ana phunziro lowayenera. Mwana aliyense wa m'makalasi apamwamba ali ndi bolopeni, ndipo bolopeniyo, pamodzi ndi madontho ochepa a sipiriti, ingathe kutulutsa chithunzi chokhala ndi kuŵala ndi mthunzi.

Chimene Chimachitika pa Pepala

Bolopeni imene timalembera inayamba ndi László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary, amene analembetsa luso lake mu 1938. Mu 1950 Marcel Bich wa ku France anayamba kupanga Bic Cristal, imene inafala chifukwa chotsika mtengo. Kunsonga kwa bolopeni kuli kachitsulo kozungulira kamene kamagubuduzika ndi kusiya inki pa pepala. Inkiyo ndi yolimba ngati phala, ndipo utoto wake susungunuka m'madzi koma m'sipiriti. Mukadonthezera madzi pa mzere wa bolopeni, mzerewo susintha. Mukadonthezera sipiriti, utoto umasungunuka n'kuyenderera m'timinyeŵa ta pepala. Sipiritiyo amauma msanga, n'kusiya utotowo pamene wafika.

Inki yakuda ya mabolopeni ambiri ndi yosakaniza mitundu ingapo. N'chifukwa chake ikasungunuka imatulutsa mtundu wofiirira mobiriŵira ngati duŵa la jakaranda. Apa phunziro la Zaluso likukumana ndi la Sayansi, ndipo mphunzitsi wochenjera adzafunsa ana kuti mtundu umenewu wachokera kuti.

Chifukwa Chosankhira Nyumba

Nyumba siithaŵa ngati mbuzi. Mwana angathe kuiyang'ana kwa nthaŵi yaitali. Ndiponso dzuŵa likaiwomba, khoma limodzi limaŵala, lina limada, ndipo pansi pa denga ndi pakhonde pamakhala mthunzi wooneka bwino. Amene mudzaphunzitsa ku Blantyre muli ndi mwayi wa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, komanso nyumba ya Mandala ya mu 1882 ndi khonde lake lalitali. Koma chipinda chophunziriramo, nyumba ya mphunzitsi wamkulu, ngakhale nkhokwe yofolera ndi udzu, n'zokwanira.

Zofunika

Bolopeni yakuda kapena yabuluu, pepala lokhuthala (mkati moyera mwa katoni ya sopo ndi mwabwino), nyuzipepala yoyala pansi, thonje lokulunga kunsonga ya kamtengo, ndi sipiriti wa m'sitolo. Sanitaiza wamadzi, amene anafala mu 2020, amagwiranso ntchitoyi.

Ndondomeko

1. Yambani mwayesa nokha kunyumba. Inki zimasiyana: ina imayenderera msanga, ina siisuntha n'komwe.
2. Tulukani ndi ana m'maŵa kapena chakumadzulo, pamene mithunzi ili yaitali. Asanagwire cholembera afunseni: "Dzuŵa lili mbali iti? Khoma lakuda kwambiri ndi liti?"
3. Ajambule thupi la nyumba ndi mizere yopepuka, osatsindika. Aonetseni kuti mzere wa denga ndi wa maziko umaoneka ngati ukukakumana patali.
4. Pamalo a mthunzi alembe timizere tothithikana. Pansi pa denga, pakhomo ndi m'mazenera achulukitse timizereto. Khoma loŵala alisiye loyera.
5. Anyike thonje m'sipiriti, alifinye pang'ono, ndipo alikoke kuchokera pakuda kupita poyera. Asakhule pepala, chifukwa limanyuka.
6. Pepala likauma, abwereze ndi bolopeni mizere imene yafufutika, monga m'mbali mwa zenera ndi njerwa zoŵerengeka. Sikofunika kujambula njerwa iliyonse.

Zovuta Zimene Mudzakumana Nazo

Ana ambiri amathira sipiriti wochuluka, ndipo nyumba yonse imasanduka banga limodzi. Musaŵadzudzule, koma ŵapatseni kapepala koyesera kuti aone okha kusiyana kwa dontho limodzi ndi madontho atatu. Pepala la m'kope ndi lopyapyala, choncho inki imaboola n'kudetsa tsamba lotsatira. Utoto wa bolopeni umafwifwa ndi dzuŵa, motero zithunzi zipachikidwe pakhoma losawombedwa ndi dzuŵa.

Chenjezo

Sipiriti amayaka msanga, ndipo ndi poizoni: kumumwa kungachititse khungu ngakhale imfa. Botolo likhale m'manja mwa mphunzitsi yekha. Thirani pang'ono m'chitsekerero chimodzi pa gulu lililonse la ana, tsekulani mazenera, ndipo pasakhale moto pafupi. Kwa ana a m'makalasi aang'ono, gwiritsani ntchito zolembera za inki yosungunuka m'madzi, kuti madzi aloŵe m'malo mwa sipiriti.

Mau Otsiriza

Poona ntchito ya ana, musayambe ndi kufunsa ngati chithunzi chakongola. Funsani ngati mwanayo waona kumene kuŵala kukuchokera, ndiponso ngati angathe kufotokoza chifukwa chimene wadetsera khoma ili n'kusiya linalo. Popeza bolopeni siifufutika, mwana amaphunzira kuyang'anitsitsa asanalembe mzere, ndipo akalakwitsa amaphunzira kusandutsa cholakwacho kukhala mthunzi m'malo mong'amba pepala. Yesani njirayi musanapite kukaphunzitsa, ndipo mubwere ndi zithunzi zanu, zabwino ndi zoonongeka zomwe, kuti tidzakambirane m'kalasi.