MPIKISANO WA NJINGA M'NYENGO YOIPA: PHUNZIRO KWA A KU CHILEKA NDI LIRANGWE

Munthu woyenda pa msewu wa ku Zalewa m'bandakucha sangakayike kuti m'boma la Blantyre muli amuna odziwa kupalasa njinga. Kuchokera ku Mdeka ndi ku Lirangwe, kudzera pa Matindi ndi pa Lunzu, kufikira pa Kameza pamene msewu wa ku Chileka upatukira, njinga zimayenda mondondozana, zina zitasenza matumba a makala, zina ndiwo zamasamba, zina zitanyamula anthu opita kumsika ndi kuchipatala. Opalasawo sayamba ayang'ana kumwamba ngati kuli mitambo, pakuti kwa iwo tsiku losapalasa ndilo tsiku logona ndi njala.

Mu Sepitembala 2025 mzinda wa Kigali ku Rwanda unachititsa mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi, woyamba wa mtundu wake kuchitikira mu Africa. Chotero nkoyenera kufunsa ngati mphamvu zimene zioneka tsiku ndi tsiku pa misewu ya Chileka ndi Lirangwe sizingatulutse akatswiri a mpikisano. Koma asanalembe maina a anyamata ndi atsikana, akuluakulu a masewera ayenera kuyankha funso lina: nanga tsiku la mpikisano kukagwa chimvula, adzachita chiyani, ndipo adzalamula ndani?

Mpikisano wa tsiku limodzi

Mipikisano ya njinga za pa msewu ili mitundu iwiri. Ulipo wa masiku ambiri, monga Tour de France, momwe munthu akalephera lero amakonza mawa. Ulipo wina wa tsiku limodzi, umene onse anyamukira pamodzi m'mawa, ndipo woyamba kudutsa mzere womaliza ndiye wopambana. Mipikisano yaikulu yotere imapitirira makilomita 250, ndipo imatenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Mu mpikisano uwu mulibe mawa. Nchifukwa chake opalasa, amene malipiro awo adalira kupambana, safuna kumva zoimitsa, ngakhale kunja kutaipa motani.

Amalawi si alendo pa masewerawa. Dziko lino linatumiza opalasa njinga ku masewera a Olympic ku Munich mu 1972, ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988, ndipo mwa oimira dziko m'zaka za m'ma 1980 munali Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga. Koma nkhani imene iphunzitsa kwambiri ndi ya ku Glasgow.

Zimene zinaoneka ku Glasgow

Mu 2014 Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo anapita ku Glasgow, ku Scotland, kukaimira Malawi pa masewera a Commonwealth. Njinga zimene anapita nazo zinali zotopa, kotero kuti sitolo ya Billy Bilsland Cycles ya mumzindamo inawabwereka zina zoti apikisanire. Nkhaniyi inamveka m'manyuzipepala a kumeneko, ndipo inaonetsa poyera kuti mphamvu za miyendo pazokha sizikwanira.

Pa 3 Ogasiti, tsiku lotsiriza la masewerawo, kunachitika mpikisano wa amuna wa makilomita 168, wozungulira mzindawo kokwana 12. Mvula inagwa yamphamvu, madzi nayenda m'misewu. Ananyamuka anthu oposa 130, koma omaliza anali 12 okha. Ambiri anachotsedwa chifukwa chotsalira kutali, ena anasiya okha. Geraint Thomas wa ku Wales, amene anali patsogolo yekha, tayala lake linaphwa patatsala makilomita ochepa, koma popeza galimoto ya zipangizo inali pambuyo pake, anamsinthira tayala napitirira mpaka kupambana. Jack Bauer wa ku New Zealand anali wachiwiri, ndipo Scott Thwaites wa ku England wachitatu.

Aphunzitsi a masewera aone bwino apa. Thomas anapambana chifukwa cha mphamvu zake, indedi, komanso chifukwa chakuti chithandizo chinali pafupi pa mphindi imene chinafunika.

Chimene mvula ichita

Choyamba mvula ichotsa kugwirana kwa tayala ndi phula. Matayala a njinga za mpikisano ndi opyapyala, ndipo malo okhudza pansi ndi ochepa ngati chala. Mvula yoyamba pambuyo pa chilimwe ndiyo yoopsa koposa, pakuti imayandamitsa mafuta ndi fumbi zimene magalimoto anasiya pa msewu kwa miyezi yambiri. Mizere yopaka penti ndi zitsulo za njanji zimaterera ngati sopo.

Chachiwiri ndi mabuleki. Pa njinga zimene mabuleki ake agwira pa limu, monga zambiri za kumudzi kuno, labala iyenera kuyamba yapukuta madzi isanagwire, ndipo njinga imaima patali kuposa pamene mwini wake anaganizira.

Chachitatu ndi maso. Opikisana amayenda mothithikana, wina kubisala kumbuyo kwa mnzake, popeza wobisala apulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Kukagwa mvula, tayala la wakutsogolo limawaza madzi ndi mchenga kumaso kwa wakumbuyo, ndipo dzenje lodzaza madzi lioneka ngati msewu wabwino. Mmodzi akagwa, agwetsa khumi.

Chachinayi ndi kuzizira. Munthu wonyowa amene akutsetsereka mothamanga ataya kutentha kwa thupi mofulumira, ndipo kukatsika kupitirira madigiri 35 zala zimauma, nzeru zimasokonezeka, mwini wake osazindikira kuti ali pangozi.

Kale ankatama kupirira

Kwa zaka zambiri ku Ulaya kupalasa m'nyengo yoipa kunkayesedwa chizindikiro cha chamuna. Pa 20 Epulo 1980, pa mpikisano wa Liège-Bastogne-Liège ku Belgium, kunagwa chipale chofewa. Ananyamuka anthu 174, omaliza nakhala 21. Bernard Hinault wa ku France anapambana, kusiya Hennie Kuiper ndi mphindi 9 ndi masekondi 24, koma zala zake zina zinachita dzanzi limene linamvutitsa kwa zaka zambiri.

Maganizo anasintha pang'onopang'ono. Pa 17 Malichi 2013 chipale chinatseka phiri la Turchino pa mpikisano wa Milan-San Remo ku Italy. Oyang'anira anaimitsa opalasa, nawakweza m'mabasi, nakayambitsanso mpikisano kutsidya kwa phirilo. Anapambana anali Gerald Ciolek wa ku Germany, wopalasira timu ya MTN-Qhubeka ya ku South Africa. Mpikisano sunachepe ulemu chifukwa choufupikitsa.

Kuyambira mu 2016 bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga pa dziko lonse, lili ndi lamulo la nyengo yoipa. Lamuloli linena kuti kukaoneka chipale, mphepo yamkuntho, kutentha kapena kuzizira kopitirira muyeso, ngakhale nkhungu yotseka maso, okonza mpikisano, oweruza, oimira matimu ndi oimira opalasa akhale pansi pamodzi. Angathe kusintha nthawi yonyamukira, kusintha njira, kuyendetsa gululo pang'onopang'ono pa malo oopsa, kapena kuletseratu mpikisano. Chachikulu m'lamuloli ndi chakuti wopalasa, amene thupi lake ndilo lili pangozi, ali ndi mawu pa bwalolo.

Nyengo ya Chileka ndi Lirangwe

Kuno kulibe chipale, koma zoopsa zilipo za mtundu wina. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda, ndipo wochokera mumzinda kulowera ku Chileka kapena ku Lirangwe amatsika, kunka kuchigwa cha Shire. Kwa wokonza mpikisano njira yotere ndi yabwino, popeza pobwerera pali zitunda zosiyanitsa olimba ndi ofooka. Koma kutsika komweko kutanthauza kuti nyengo ya poyambira siifanana ndi ya pakati pa njira.

Kuyambira Novembala kufikira Epulo ndi dzinja. Mvula ya nyengo iyi kawirikawiri imadza masana, ndi mphezi ndi mabingu, ndipo madzi amakokolola mchenga wa m'minda nauunjika pa phula, makamaka m'makona ndi pafupi ndi milatho. Ndi nyengo yomweyi imene kunadza namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a iwo m'boma la Blantyre ndi maboma oyandikana nalo.

Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumaomba chiperoni, ndi mvumbi wake ndi nkhungu. Chimavuta kwambiri kumtunda, kotero kuti wopalasa wochokera ku Lirangwe ali thukuta kamukamu angathe kulowa m'chisanu pamene akukwera kulowa mumzinda, mphamvu zitamthera kale.

Mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala mdani ndi dzuwa. Madera otsika a ku Lirangwe ndi Mdeka amatentha koopsa masana, ndipo ludzu ligwetsa munthu msanga kuposa mvula. Mpikisano wa m'miyezi iyi uyenera kuyamba dzuwa lisanakwere, ndipo madzi akumwa akhale m'malo odziwika.

Pamwamba pa zonsezi, msewu wa ku Zalewa ndiwo wodzera magalimoto akuluakulu a ku chipata cha Mwanza ndi mabasi a ku Lilongwe. Dalaivala amene galasi lake lachita nkhungu sangaone njinga msanga.

Zoyenera kuchita

Zida zochitira bwino zilipo kale. Pa bwalo la ndege la Chileka pali malo oyezera nyengo a nthambi ya Boma yoona za nyengo ndi kusintha kwake, ndipo nthambiyi imalengeza za nyengo tsiku ndi tsiku. Wokonza mpikisano amene safunsa kumeneko alibe chowiringula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Bungwe la Cycling Federation of Malawi, khonsolo ya masewera, apolisi a pamsewu ndi khonsolo ya boma ayenera kumvana tsiku lisanafike. Alembe pa pepala dzina la munthu amene ali ndi mphamvu yoimitsa mpikisano, njira yaifupi yoti itsatidwe kukaipa, malo obisalamo mphezi, ndi chipatala chimene wovulala adzapita. Pambuyo pa opalasa pakhale galimoto ya zipangizo ndi ya odwala, ndipo pasapezeke wonyamuka wopanda chipewa cholimba kapena wa mabuleki okutha. Mafumu a m'njira auzidwe, kuti ana ndi mbuzi asakhale mu msewu. Ndalama za mphotho zisalamule pa nkhani ya moyo wa munthu.

Aphunzitsi ali ndi gawo lawo, popeza ana ambiri a sukulu za m'maderawa amayenda pa njinga. Mwana aphunzitsidwe kuyenda kumanzere, kugwira mabuleki asanafike pa kona, kusadutsa pa madzi othamanga, ndi kusabisala pansi pa mtengo kukamachita mphezi. Mpikisano waung'ono wa pa sukulu ukhale malo ophunzirira kuti kuimitsa masewera chifukwa cha nyengo si mantha.

Pomaliza, pali a kabaza, amene alibe woweruza wowaimitsa, ndipo mvula ikagwa mpamene okwera achuluka. Magulu awo a pa masiteji angachite bwino kudziikira malamulo a mabuleki, nyali ndi zovala zowala, ndi kumvana kuti mtsinje ukadzaza palibe woolotsa munthu. Walira mvula walira matope: dziko lofuna akatswiri a njinga liyenera kuvomera kuti tsiku lina mpikisano udzakumana ndi chimvula, ndipo likonzekeretu kunja kukali kowala.