Ophunzira a mu Labu ndi Madzi a ku Makeni

Wodwala akatuluka m'chipatala amathokoza adokotala ndi anamwino. Amene anayeza magazi ake samudziwa n'komwe. Ntchito yosaonekayi ndi imene achinyamata ambiri a mu Lusaka akuphunzira ku Ridgeway, pa sukulu ya zaumoyo ya University of Zambia pafupi ndi chipatala cha UTH, komanso ku Evelyn Hone College ndi ku Levy Mwanawasa Medical University. Ena mwa iwo amalawirira kuchokera ku Makeni, kukwera minibasi mu msewu wa Kafue, jasi loyera atalipinda m'chikwama.

Poyamba amaphunzira zooneka zazing'ono: kulemba nambala pabotolo asanathiremo kanthu, kuvala magolovesi, osadyera chilichonse mu labu. Kenako maso ayenera kuzolowera maikulosikopu. Dontho la magazi amalipaka pagalasi, kuliumitsa, kulithira utoto wa Giemsa, n'kuyamba kufunafuna tizilombo ta malungo. Makhololo a munthu womuganizira TB amawadaya mwa njira ya Ziehl-Neelsen, ndipo tizilombo timaoneka tofiira pakati pa zobiriwira. Masiku ano makina a GeneXpert amapereka yankho pa maola awiri, koma wophunzira amene sadziwa kuona ndi maso ake adzasowa chochita tsiku limene makinawo adzaime.

Chaka chomaliza ndiye chimayesa munthu, chifukwa aliyense amachita kafukufuku wakewake. Wa ku Makeni sasowa mutu. Mzinda wa Lusaka unakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, choncho zotuluka m'zimbudzi zokumba zimatsikira msanga m'madzi a pansi, omwe anthu amatunga pa zitsime ndi pa mijigo. Ku Kanyama, koyandikana ndi Makeni, kolera anavuta mu 2017, ndipo atabweranso mu October 2023 odwala anachuluka mpaka boma linasandutsa bwalo la Heroes Stadium kukhala chipatala. Wophunzira akatunga madzi a pachitsime amadzala tizilombo take pa kambale ka TCBS kobiriwira, n'kukasiya pofunda usiku wonse. M'mawa akapeza timadontho tachikasu, mtima umagunda, komabe saloledwa kunena kuti ndi kolera mpaka atayezanso ndi njira zina. Pamenepa ndi pamene ndimawalemekeza ana amenewa. Amaphunzira kulemba chimene aona, osati chimene ankafuna kuona, ngakhale zitatanthauza kuti miyezi ingapo ya thukuta yangosonyeza kuti madziwo alibe vuto.

Zowawa zilipo. Mankhwala ambiri oyezera amachokera kunja ndipo ndi okwera mtengo, moti ena amapempha makolo ndalama kapena kugawana botolo limodzi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ambiri, pamene zoyeza zina zimafuna firiji yozizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro. Akamaliza maphunziro ayenera kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia, kenako n'kudikira ntchito, nthawi zina akuthandiza pachipatala popanda malipiro.

Inu a boma ndi eni makoleji, gulirani ma labu a ophunzira mankhwala oyezera ndi magetsi a dzuwa. Akuluakulu a madera, ana amenewa akabwera kudzatunga madzi pa chitsime chanu alandireni, ndipo muwauze kuti adzabwerenso kudzakufotokozerani zimene apeza.