Zofunika kuona posankha makina onyamulika ojambulira nyimbo

Makina ojambulira mawu a anthu ndi zoimbira zambiri panthawi imodzi, amene kale anali kupezeka m'masitudiyo aakulu okha, masiku ano amakwana m'cola ca m'manja. Zimenezi ndi mwayi kwa makwaya a m'machalichi, magulu a kalindula ndi anthu ojambula miyambo ya makolo. Koma wogula amene angoyang'ana nambala yolembedwa pa bokosi angathe kutaya ndalama zake, ndiponso angataye nyimbo za pa mwambo umene sudzacitikanso kufikira caka camawa.

Makina amenewa amasunga mawu a maikolofoni iliyonse pamzere wakewake, umene akatswiri amaucha track. Ngati gitala yaphimba mawu a wotsogolera nyimbo, wojambula angathe kuicepetsa pa kompyuta atafika kunyumba. Mawu amene asakanizidwa kale pamizere iwiri sangakonzedwe motero, pakuti ali ngati mcere wothiridwa kale m'ndiwo.

Nchito yojambula nyimbo kumene zikuimbidwa si yacilendo m'dziko lino. M'zaka za m'ma 1950, a Hugh Tracey anayendera madera a dziko lino, limene panthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, atanyamula makina olemera pa galimoto. A Alick Nkhata, amene anagwirapo nchito ndi a Tracey, anajambulanso nyimbo za makolo pamene anali pa wailesi ya Central African Broadcasting Service mu Lusaka. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1979, pamene kampani ya ku Japan ya TEAC inatulutsa Portastudio 144, makina ojambula mizere inayi pa kaseti wamba. Lero kaseti inalowedwa m'malo ndi khadi la SD.

Yambani ndi kuwerenga maikolofoni

Cinthu coyamba cimene cimasokoneza ogula ndi ciwerengero ca mizere. Nambala ya pa bokosi kawirikawiri imanena za mizere imene makina angathe kusunga ndi kuliza, osati imene angathe kujambula panthawi imodzi. Mwacitsanzo, Tascam DP-008EX ili ndi mizere 8, koma imajambula iwiri yokha panthawi imodzi. Zoom R16 ili ndi mizere 16, koma imajambula 8.

Kwa woimba amene ali yekha m'cipinda, amene amayamba ndi gitala kenaka n'kuwonjezera mawu, mizere iwiri ndi yokwanira. Pa konsati kapena pa gule zinthu n'zosiyana, cifukwa onse amaimba pamodzi ndipo palibe kubwereza. Conco musanapite ku sitolo, lembani papepala onse amene afunika maikolofoni yawoyawo. Kwaya ingajambulidwe bwino ndi maikolofoni awiri oikidwa kutsogolo, limodzi la wotsogolera ndi waya umodzi wocokera ku kiyibodi, ndiye kuti mizere inayi. Gulu la kalindula lokhala ndi oimba atatu, magitala awiri, besi ndi ng'oma lingafune mizere 8 kapena kuposerapo.

Mukatero werengani malo olumikizirapo mawaya pa makinawo. Malo ofunika ndi a mtundu wa XLR, a mano atatu, cifukwa waya wake ungathe kutalika mamita ambiri popanda kutola phokoso. Zoom H6, imene inatuluka mu 2013, ili ndi malo anayi otere, kuwonjezera pa maikolofoni awiri a pamutu pake. Zoom F6 ili ndi malo 6.

Funsaninso za mphamvu ya mavoti 48 yochedwa phantom power. Maikolofoni ambiri a mtundu wa condenser, amene amatola bwino mawu a kwaya, sagwira nchito popanda mphamvu imeneyi, pamene a mtundu wa dynamic monga Shure SM58 saifuna. Makina ena amapereka mphamvuyi pamalo ocepa cabe. Pa Zoom R16, ndi malo awiri okha mwa 8 amene ali nayo.

Magetsi ndi mabatire

Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzimitsidwa maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Wojambula wanzeru sadalira magetsi a kukhoma okha, makamaka ngati akupita kumudzi. Jenereta nayo ili ndi mavuto ake, cifukwa kulira kwake kumalowa m'maikolofoni, ndipo nthawi zina imabweretsa mkokomo kudzera m'mawaya.

Makina monga H6 ndi Zoom LiveTrak L-8 amayendera mabatire anayi a AA kapena mphamvu yodzera pa USB, kotero kuti power bank ya foni ingathandize. Makina aakulupo monga Tascam Model 24 amafuna magetsi a kukhoma. Dziwani kuti maola a batire amene opanga amalemba amacepa kwambiri mukayatsa phantom power pa maikolofoni angapo. Ndi bwino kusankha makina olola mitundu iwiri ya mphamvu, ndi kunyamula mabatire ena apadera.

Ng'oma, mphepo ndi fumbi

Nyimbo zathu zili ndi khalidwe limene limayesa makina aliwonse. Mayi mmodzi angayambe nyimbo motsitsa mawu, ndiyeno ng'oma n'kulowa mwadzidzidzi ndi mphamvu yonse. Mawu akapyola mlingo umene makina angalandire amasweka, ndipo mawu osweka sakonzeka. N'cifukwa cake ojambula amagwiritsa nchito mlingo wa 24-bit, ndi kuchera makina kuti mawu okwera kwambiri azifika ca pa -12 dB, kuti pakhale mpata.

Mu 2019, Zoom F6 ndi makina a MixPre II a kampani ya Sound Devices anabweretsa njira yochedwa 32-bit float, imene imalola kukweza kapena kutsitsa mawu pambuyo pake popanda kuwaononga. Njirayi ndi yothandiza kwa munthu amene akujambula yekha kwinaku akugwiranso kamera. Komabe siingathe kukonza mawu amene asweka m'maikolofoni momwemo, kapena amene aonongedwa ndi mphepo.

Nyengo nayo iyenera kuganiziridwa. Mwambo wa Nc'wala wa Angoni umacitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa February, mvula ili mkati. Mwambo wa Kulamba wa Acewa umacitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, nthawi ya mphepo ndi fumbi. Pamalo otere cophimba ca ubweya ca maikolofoni ndi cola coteteza makina n'zofunika monga makina eni ake, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengedwa pamodzi. Wojambula ayeneranso kupempha cilolezo kwa mafumu ndi eni ake a gule asanayatse makina.

Kujambula pa konsati

Ambiri amaganiza kuti kulumikiza waya ku mikisa ya m'holo n'kokwanira. Koma mikisa imeneyo imacheredwa kuti ithandize omvera a m'holomo. Ng'oma, popeza zimamveka kale zokha, zimapatsidwa mphamvu yocepa, ndipo pomvetsera zojambulazo mumapeza mawu a oimba ali pamwamba, ng'oma zili kutali. Njira yosavuta ndi kutenga mizere iwiri ku mikisa ndi kuwonjezera maikolofoni awiri otola mawu a m'holo ndi kuomba m'manja kwa anthu. Makina a mizere inayi angacite zimenezi.

Gulu limene lilibe mikisa yakeyake lingapindule ndi makina ophatikiza nchito ziwiri, monga LiveTrak L-12 kapena Tascam Model 12, amene amatumiza mawu ku masipika kwinaku akusunga mzere uliwonse pa khadi.

Kukula kwa khadi kungawerengedwe mosavuta. Mzere umodzi wa 24-bit pa 48 kHz, mlingo umene umagwirizana ndi vidiyo, umadya pafupifupi theka la gigabaiti pa ola. Mizere 8 imadya magigabaiti oposa pang'ono 4 pa ola, kotero khadi la 32 GB limakwana maola oposa 7. Njira ya 32-bit float imafuna malo oculukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Musanapereke ndalama

Makamaka pogula makina ogwiritsidwapo kale nchito, pitani ndi maikolofoni, khadi ndi mahedifoni anu. Yesani malo olumikizira onse limodzi ndi limodzi. Kwezani mphamvu ya mawu pamalo a zii ndi kumvetsera ngati makinawo akutulutsa kaphokoso konga ka mvula yowaza, cifukwa kameneko kadzamveka m'nyimbo zonse zoimbidwa motsitsa. Jambulani kwa mphindi zingapo pa mabatire okha, ndi kutsegula zojambulazo pa kompyuta.

Mukagula, yesani makinawo pa maphunziro a kwaya kapena a gulu lanu kawiri kapena katatu tsiku la mwambo lisanafike, ndi maikolofoni, mawaya ndi mabatire omwewo amene mudzanyamula.