Kulumikiza mapu a pa kompyuta ndi kaundula wa katundu: phunziro lochokera ku San Bruno

Madzulo a pa 9 Sepitembala 2010, paipi yaikulu yonyamula mpweya wa gasi inaphulika pansi pa msewu pakati pa nyumba za anthu mumzinda wa San Bruno, m'chigawo cha California ku Amereka. Anthu 8 anafa ndipo nyumba 38 zinapseratu.

Bungwe la boma la Amereka lofufuza za ngozi la NTSB litatulutsa lipoti lake mu 2011, linati chimodzi mwa zinthu zomwe zinachititsa kuti vuto la paipiyo lisaoneke msanga chinali m'kompyuta za kampani ya Pacific Gas and Electric, mwini wake wa paipiyo. Mapu a pa kompyuta a kampaniyo ankasonyeza kuti paipiyo inali yopanda msoko, pamene zoona zake zinali zakuti inali ndi msoko wowotcherera m'litali mwake, ndipo malo ena sanawotchereredwe mokwanira.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake omwe amayang'anira mapaipi a madzi, mapolo a magetsi, misewu, milatho, mijigo ndi nyumba za boma, makamaka masiku ano pomwe maofesi ambiri akufuna kuti mapu ndi kaundula wa katundu zikhale zolumikizana pa kompyuta.

Mabuku awiri, katundu mmodzi

Mapu a pa kompyuta, omwe akatswiri amawatchula kuti GIS, amayankha funso lakuti katundu ali pati ndipo walumikizana ndi chiyani. Pa mapuwa mjigo umaoneka ngati kadontho, paipi kapena msewu ngati mzere, ndipo puloti ngati malo ozunguliridwa ndi malire. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi monga ArcGIS ya kampani ya Esri komanso QGIS, yomwe ndi yaulere.

Kaundula wa katundu amayankha mafunso ena: katunduyo ndi wamtundu wanji, anagulidwa liti ndi ndalama zingati, wakonzedwa kangati, ndipo ayenera kusinthidwa liti. Mabungwe akuluakulu amasunga izi m'mapulogalamu monga SAP ndi IBM Maximo, momwe mumatulukanso zikalata zolamula amisiri kukagwira ntchito.

Kwa zaka zambiri mabuku awiriwa akhala akusungidwa ndi anthu osiyana. Mapu amakhala kwa mainjiniya ndi oyeza malo, pomwe kaundula amakhala kwa owerengera ndalama ndi osunga katundu. Zotsatira zake n'zakuti wowerengera ndalama amadziwa mtengo wa thiransifoma koma sadziwa pomwe yaima, pomwe injiniya amadziwa pomwe yaima koma sadziwa kuti yawononga ndalama zingati pokonzetsa.

Kulumikiza mabukuwa kumatheka chifukwa nkhokwe zosungira zolembedwa pa kompyuta tsopano zimasunganso malo. PostGIS, yomwe inatuluka mu 2001, imalola nkhokwe ya PostgreSQL kusunga madontho, mizere ndi malire pamodzi ndi manambala ndi mayina, ndipo nkhokwe za Oracle ndi Microsoft nazo zimachita chimodzimodzi.

Phindu lake limaoneka tsiku la vuto. Mwachitsanzo, paipi ya madzi ikaphulika mutauni, kalaliki wolandira madandaulo amaloza malowo pa mapu, ndipo nthawi yomweyo amaona mavalavu oyenera kutsekedwa, nyumba zomwe zisowe madzi, kukula kwa paipiyo komanso ngati inaphulikaponso kale. Amisiri akamaliza ntchito, ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito zimalembedwa pa paipi yomweyo. Pakutha pa chaka akuluakulu amaona pa mapu mapaipi omwe akudya ndalama zambiri, n'kusankha oyenera kusinthidwa poyamba.

Cholakwika chinalowa bwanji

Paipi ya ku San Bruno inali yotambalala mainchesi 30, omwe ndi pafupifupi masentimita 76, ndipo inakwiriridwa mu 1956. Malinga ndi zomwe bungwe la NTSB linapeza, mawu akuti paipiyo inali yopanda msoko sanachokere pa zojambula za mainjiniya. Anachokera pa chikalata cha owerengera ndalama cha mu 1956, chomwe chinatanthauziridwa molakwika, n'kukoperedwa pa mapepala ena, kenaka n'kulowetsedwa m'kompyuta pamene kampaniyo inkakhazikitsa GIS yake m'zaka za m'ma 1990.

Ofufuzawo anaonanso kuti panthawi imene paipiyo inkaikidwa, mafakitale sankapanga mapaipi opanda msoko aakulu chotero, zomwe munthu wodziwa ntchito akadatha kuzindikira. Anapezanso kuti m'malo ambiri momwe zikalata zinasowa, m'kompyutamo munalowetsedwa manambala ongoganizira.

Choopsa chinali chakuti kampaniyo inkadalira zomwe zinali mu GIS posankha njira yoyezera mapaipi ake. Paipi ya ku San Bruno inkayezedwa ndi njira yofufuzira dzimbiri la kunja, yomwe singaone vuto la msoko. Tsiku la ngoziyo mphamvu ya gasi inakwera chifukwa cha vuto la magetsi pa siteshoni ya Milpitas, msoko wofookawo unang'ambika, ndipo panatenga mphindi pafupifupi 95 kuti gasi atsekedwe. Mu 2015 bungwe loyang'anira makampani otere ku California linalamula kampaniyo kulipira chindapusa cha madola 1.6 biliyoni.

Phunziro lake n'lakuti kulumikiza makompyuta sikukonza zolembedwa zolakwika. Kumangozifalitsa mofulumira, komanso kumazipatsa maonekedwe okongola oti munthu asazikayikire.

Zoyenera kutsata

Choyamba ndi nambala. Katundu aliyense ayenera kukhala ndi nambala imodzi yomwe ikupezeka pa mapu, mu kaundula komanso, ngati n'kotheka, pa katundu mwiniwakeyo. Dzina lokha silikwanira, chifukwa midzi ndi sukulu zambiri zili ndi mayina ofanana ndipo kalembedwe kake kamasiyana. Nambalayi siyenera kupatsidwanso kwa katundu wina ngakhale woyambayo atachotsedwa.

Chachiwiri ndi kugwirizana za mwini wa cholembedwa chilichonse. Malo ndi kutalika kwa paipi zisinthidwe pa mapu pokha, mtengo wake usinthidwe kwa owerengera ndalama kokha, ndipo mbiri ya kukonza ilembedwe mu kaundula wa amisiri. Mbali zina zizingowerenga. Maofesi awiri akaloledwa kusintha chinthu chimodzi, posachedwa pamakhala mayankho awiri pa funso limodzi.

Chachitatu ndi kulemba gwero. Pa nambala iliyonse pazioneka ngati inayezedwa pamalopo, inakoperedwa pa chikalata, kapena ndi yongoganizira. Ngoziyo itachitika, bungwe la NTSB linalimbikitsa kuti zolembedwa za mapaipi zikhale zokwanira, zotheka kuzitsimikizira komanso zotheka kuzilondola mpaka kugwero lake.

Chachinayi ndi muyeso wa mapu. Mapu ambiri akale a dziko lino anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pomwe zida za GPS ndi mafoni zimagwiritsa ntchito WGS 84. Miyeso iwiriyi ikasakanizidwa popanda kuisintha bwino, malo amasuntha ndi mamita oposa 100, zomwe zingaike mjigo kutsidya kwa mtsinje kapena nyumba pa puloti ya mwini wake wina.

Chomaliza, chomwenso chimavuta kwambiri, ndi kusintha zolembedwa ntchito ikachitika. Mmisiri akafukula paipi n'kupeza kuti ndi yosiyana ndi zomwe zili pa mapu, payenera kukhala njira yoti zomwe waonazo zifike kwa wosunga mapu ntchitoyo isanatsekedwe.

Kuno kwathu

Dziko la Malawi silikuyambira pachabe pa nkhaniyi. Pali tsamba la pa intaneti la MASDAP pomwe nthambi za boma ndi mabungwe amagawana mapu, ndondomeko ya IFMIS yoyendetsera ndalama za boma, komanso kalembera wa mijigo ndi zitsime yemwe anachitika ndi pulogalamu ya mWater mothandizidwa ndi boma la Scotland.

Ntchito yotsala kwa mlembi wa unduna, bwanamkubwa kapena mkulu wa bungwe siyoyamba ndi kugula pulogalamu. Iyamba ndi kufunsa ngati nambala ya katundu ili yofanana m'mabuku onse, ngati pali ofesala yemwe ali ndi udindo pa cholembedwa chilichonse, komanso ngati mu bajeti muli ndalama zotumira anthu kukatsimikiza pamalopo chaka ndi chaka. Ndalama zogulira makompyuta zimatuluka kamodzi, koma zosamalira zolembedwa zimafunika kwa nthawi yonse imene katunduyo akugwira ntchito, ndipo paipi yokwiriridwa lero ikhoza kukhala pansi zaka zoposa 50.