Mpungabwi ndi Abale Ake

Tonse timaudziwa mpungabwi. Umamera wokha m'mbali mwa njira, kuseri kwa khola ndi m'minda yogonera. Tikauponda, fungo lake limatsala kumapazi. Madzulo udzudzu ukachuluka, agogo amathyola nthambi zake nazipachika pakhomo, kapena kuziika pa makala kuti zifuke. Zimenezi sitinaziphunzire m'buku.

Koma mpungabwi uli ndi abale ake amene anthu a maiko ena amalima ndi kudya tsiku ndi tsiku. Akatswiri a zomera amatcha banja lonseli Ocimum. Tingawazindikire motere: tsinde lawo lili ndi ngodya zinayi, masamba amamera awiriawiri moyang'anana, ndipo timaluwa timandandalika pamwamba ngati kangala kakang'ono.

Wodziwika kwambiri ndi uja Apwitikizi amati manjericão. Masamba ake ndi otambalala, ofewa, a fungo lokoma. Ku Italy, mu mzinda wa Genova, amawasinja mu mtondo pamodzi ndi adyo, mafuta, tchizi ndi timtedza ta kwawo. Wina ndi tulsi wa Amwenye. Ahindu amamubzala pabwalo la nyumba, amamulemekeza, ndipo amamwa tiyi wa masamba ake. Aliponso wina wokula ngati chitsamba chofika m'chiuno kapena kupitirira, wa fungo laukali, amene ku Nigeria amathira mu msuzi. Mpungabwi wathu wa m'thengo uli ndi masamba ang'onoang'ono, ndipo ndi wolimba kuposa manjericão.

Kuphika kwake sikuvuta, koma pali lamulo limodzi: masamba amenewa salola moto wautali. Fungo lake lili m'timafuta timene timathawa ndi nthunzi. Choncho tiphike ndiwo zathu monga mwa masiku onse, kaya ndi nyemba, nandolo, nkhuku kapena matemba a ku Chilwa. Zikapsa, titsuke masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, tiwang'ambe ndi zala, tiponye mu mphika, tivundikire ndi kuphula. Manjericão amagwirizana kwambiri ndi matimati. Mpungabwi wa m'thengo ndi waukali, tiyambe ndi masamba awiri okha. Ife tsiku loyamba tinathira dzanja lodzaza, ndipo ana anadya nsima ndi mchere.

Nanga m'thupi amathandiza chiyani? Masamba awa ali ndi vitamini A wothandiza maso, ndi vitamini K wothandiza magazi kuundana pa bala. Koma timadya pang'ono chabe, ndiye sangalowe m'malo mwa nkhwani, bonongwe kapena chisoso. Ntchito yawo yaikulu ndi kukometsa ndiwo, kuti ngakhale wodwala amene sakufuna kudya atsegule pakamwa. Ambiri amamwanso tiyi wake m'mimba mukadzaza mpweya, kapena akagwidwa chimfine. Mayi woyembekezera adye masamba a m'ndiwo okha, asamwe madzi owiritsa mpungabwi wambiri.

Tsopano tiwerenge bwino mawu awa, chifukwa m'kalasi mwathu tinatsutsanapo. Bambo wina anati: "Aphunzitsi, poti mpungabwi umathamangitsa udzudzu, ndiye kuti umachiza malungo." Ayi, bambo. Fungo ndi utsi wake zimapirikitsa udzudzu kanthawi kochepa. Pakati pa usiku fungo latha, ife tili m'tulo, ndipo udzudzu wa malungo ndiyo nthawi yake yoluma. Tizigona m'neti usiku uliwonse. Ndiponso tizilombo ta malungo tikalowa m'magazi, tiyi wa masamba sangatiphe. Mwana akatentha thupi, tisamufukize ndi kudikira kuti tione mawa. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi a pa chala. Malungo angathe kupha mwana wamng'ono m'masiku ochepa.

Kulima manjericão pakhomo sikufuna munda waukulu. Kabedi kakang'ono pafupi ndi khitchini, mphika wosweka kapena ndowa yobooka pansi, zonsezi zikwanira. Tisankhe malo ofika dzuwa kwa maola 6 pa tsiku, pa dothi losasunga madzi, tisakanize ndi manyowa owolerana.

Nthawi yobzala tiisamale, chifukwa kuno ku Milange kumazizira. Mu Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lino. Manjericão amadana nako kuzizira kumeneko: amapinimbira ndipo masamba amada. Tifese mu Seputembala kapena Okutobala ngati tili ndi madzi othirira, apo ayi tidikire mvula yoyamba ya Novembala.

Njere zake ndi zakuda, zazing'ono kuposa chitowe. Tisazikwirire kwambiri, tingowaza dothi pang'ono pamwamba. Zikanyowa zimaterera ngati therere, tisadabwe, sizinawole. Zimamera pakati pa masiku 5 ndi 10. Mbande zikafika kutalika kwa chala, tiziokere motalikirana masentimita 30, pafupifupi phazi limodzi la munthu wamkulu. Ngati mnansi ali ndi mtengo wake, kaya kuno kaya kutsidya ku Muloza, tipemphe kanthambi kopanda maluwa. Tikaika m'botolo la madzi, kamatulutsa mizu pasanathe masabata awiri.

Pothirira, madzi apite pa tsinde, m'mawa. Pothyola, tizitsina nsonga pamwamba pa masamba awiri, ndipo pamenepo padzaphuka nthambi ziwiri. Maluwa akayamba tiwachotse, chifukwa mtengo ukachita maluwa umasiya kutulutsa masamba ofewa. Masamba otsala tiyanike pa lichero pamthunzi, osati padzuwa monga tichitira mfutso, kenaka tisunge m'botolo lotseka. Mtengo umodzi wokha tiusiye uchite maluwa. Ngala zake zikauma, tizifikise m'manja, tipete, ndipo njerezo tikulunge m'pepala tisunge pouma, posafika mbewa.