Windows ikakana kutseguka, msiri asathamangire kufomata

Pa Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi m'tauni ya Balaka, mashopu ambiri otayipa makalata, kupulinta ndi kuika nyimbo m'mamemori khadi amadalira kompyuta imodzi yogula yogwiritsidwa kale ntchito, ya Dell kapena HP. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, choncho ena akuikitsa Windows 11 m'makina akalewa.

Apa ndi pamene pagona vuto. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapulosesa a Intel imavomereza makamaka a m'badwo wa 8, omwe adayamba kutuluka mu 2017, ndi otsatira ake. Amisiri amazemba malamulowa ndi pulogalamu ya Rufus ndipo kompyuta imagwira ntchito ndithu, koma Microsoft sitsimikiza kuti zipitirira choncho. Mwachitsanzo, mtundu wa 24H2 sudzuka n'komwe pa mapulosesa akale ngati Core 2 Duo.

Tsono m'mawa wina sikirini imangozungulira, makasitomala ali pakhomo. Yankho lachangu la amisiri ena ndi kufomata, chifukwa ndi ntchito yosavuta. Koma Windows imabwezeretseka tsiku lomwelo, pomwe ma CV a makasitomala, kaundula wa angongole ndi nyimbo zosonkhanitsa zaka zambiri zikafufutika, kuzipezanso n'kovuta. Katundu weniweni wa shopu ndi mafayilowo.

Choyamba ndi kuwapulumutsa. Msiri aike Ubuntu kapena Linux Mint pa fulashi ya 8GB, ayatse kompyuta kudzera pa fulashiyo (pa Dell amadina F12, pa HP F9), asankhe kungoyesa osati kuika. Ngati hadi disiki ili bwino ndipo sidatsekedwe ndi BitLocker, mafoda onse amaoneka ndipo amakopedwa n'kuikidwa pa disiki ina. Njira inanso ndi kuchotsa hadi disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Ikamamveka kugogoda mkati, ndiye kuti yatsala pang'ono kufa, ndipo kuiyatsayatsa kumangoimaliza.

Kukonza kumabwera pambuyo. Nthawi zina wolakwa si Windows ayi, koma kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamene kamakhala pa bodi. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima kompyuta imaiwala deti ndi masetingi a BIOS. Kusintha kabatireko n'kubwezera masetingi a AHCI kapena UEFI mmene adalili kumadzutsa makina ena amene mwini wake adawalira kale maliro.

Zikakanika, Windows imatsegula yokha tsamba lokonzera ikalephera kudzuka kawiri kapena katatu motsatizana. Pa Advanced options pali Startup Repair, komanso Uninstall Updates yochotsera zosintha zomwe zalowa kumene. Ngati vuto lidayamba kompyuta italumikizidwa pa intaneti usiku, yachiwiriyi ndiyo yoyamba kuyesa.

Kufomata kukhale komaliza, ndipo pa makina akale kwambiri ndi bwino kubwerera ku Windows 10 kapena kusamukira ku Linux Mint, bola pulinta ya pa shopupo iyesedwe kaye ngati ikugwirizana nayo. Mtengo agwirizane ntchito isanayambe, wokopa mafayilo pawokha, woika Windows pawokha, ndipo mwini shopu atsegule yekha mafayilo angapo pa disiki inayo asanalole msiri kufufuta chilichonse.